Yankho kwa Malume pa za masamu a msuweni

Malume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pagulupu, loti msuweni wanga akufuna kukachita masamu ndi fizikisi ku Chanco, ndiye inu mukuti masamu okhaokha adzadya nawo chiyani, si bola uinjiniya? Ndati ndingoyankha ndi mawu, kulemba kutalika.

Ndiyambe ndi chinthu chimene inu mukuchidziwa kuposa ine. Thabwa la paini lija limatsika m'phiri la Zombali, la mainchesi 2 kwa 6. Kalipentala akamakhoma denga amaliimika cham'mbali, saligoneka chafulati. Mukamufunsa akuuzani kuti likatero limalimba, ndipo sakunama. Koma limalimba kangati? Masamu amalowera pamenepo. Loimika limasenza katundu wochuluka katatu lisanathyoke, ndipo kupindika kwake kumachepa ka 9. Thabwa lomwe lomwelo! Chifukwa chake, powerengera kulimba, msinkhu wa thabwalo timauchulukitsa ndi iwo womwe, pomwe m'lifupi timangowerenga kamodzi. Tsono padenga la nyumba diso la kalipentala limakwana. Koma mlatho wodutsa malole a simenti pa Likangala simungaumange kaye kuti muone ngati ugwe. Uyenera kuyamba waima papepala.

Ine zimene zimandigwira mtima kwambiri ndi za madzi. Taganizani damu la Mulunguzi pamwamba paja. Madzi akazama kuwirikiza kawiri, mphamvu imene amakankhira khoma imakula kanayi, osati kawiri ayi. Ndiyeno paipi ikamatsika phiri, mamita 10 aliwonse presha imawonjezeka pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyeso wa presha). Muwerenge nokha kuchokera kumtunda kuja mpaka ku Matawale. Wina akaphonya kuwerengera, mapaipi kumunsi kuno angamangophulika.

Nanga mwaiwala namondwe Freddy, mu Marichi 2023? Milatho ndi makalavati zinapita ngati masewera m'chigawo chathu chino. Pomanganso, funso limakhala lakuti kalavati ikule bwanji kuti madzi adutse osadula msewu. Ainjiniya ali ndi fomula ya Robert Manning, ya mu 1889. Mumaiuza kutsetsereka kwa malo, kukula kwa ngalande ndi kukhakhala kwa pansi pake, iyo n'kukuuzani liwiro la madzi. Imathandiza ndithu pa madzi oyenda mwaulemu. Koma madzi olusa aja, okhota pakona, obwerera m'mbuyo akagunda nsanamira ya mlatho, fomula imeneyi siwakwanitsa. Pamenepo pamafunika ma equation a Navier ndi Stokes, masamu ofotokoza mayendedwe a madzi a m'zaka za m'ma 1800. Amenewa ndi ovuta zedi, moti mu 2000 bungwe la Clay ku America linaika madola 1 miliyoni kwa amene adzayankhe funso limodzi lokha lokhudza iwowa, ndipo ndalamayo ikadali pompo.

Ndiye ochita kafukufuku amatani? Amaudula mtsinje uja mu kompyuta tizigawo ting'onoting'ono zikwizikwi, kompyuta n'kumawerengera kachigawo kalikonse, sekondi ndi sekondi, kuti madzi alowa ochuluka bwanji, atuluka ochuluka bwanji. Vuto lake, Malume, kompyuta sikana. Ngakhale mwaipatsa zolakwika imakutulutsirani chithunzi chokongola chamitundumitundu. Amene amatha kunena kuti apa yanama, tizigawo takula kwambiri, kapena yankho ili likusemphana ndi fizikisi, ndi munthu wodziwa masamu mpaka kumizu. Anthu oterewa kwathu kuno ndi ochepa, ndipo zimandiwawa tikamawaitanitsa kunja pa mitsinje yathu yomwe.

Ndiye ine ndikuti musiyeni mwanayu. Kungoti mumufunse bwino chimene mtima wake ukufuna. Ngati akufuna kudzavala chipewa cholimba n'kumasainira mapulani, njira yake ndi civil engineering ku MUBAS, ku Blantyre. Koma ngati amasangalala ndi funso loti chifukwa chiyani zili chonchi, Chanco imukwana. Akangolowa, calculus, masamu a mmene zinthu zimasinthira, asaiseweretse, aphunzirenso kulemba mapulogalamu a kompyuta, monga Python, kuyambira chaka choyamba. Komanso asamangokhala m'kalasi. Azipita kumtsinje ndi tepi, kukayeza madzi enieni, chifukwa masamu opanda miyeso yoona sangateteze mlatho wa munthu.

Mumuuze andiimbire Loweruka madzulo, ndi zotsatira zake za MSCE zili m'manja, tikambirane bwinobwino za masankhidwe. Mupereke moni kwa azakhali.