Galu wotola abakha: Labrador, Golden kapena Chesapeake, nanga zilembo za FC ndi MH?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa kwathu amene akukhala ku Indiana, ku America. Anzawo akuntchito anawazoloweretsa kukasaka abakha m'nyengo yozizira, ndipo tsopano akufuna galu wawowawo wokatola mbalame zoomberedwa. Akufunsa ziwiri: pakati pa mitundu ya agalu ya Labrador, Golden ndi Chesapeake asankhe uti, ndipo pa tiagalu timene apeza kwa oweta awiri, atenge kobadwa kwa tate wa zilembo FC AFC kapena wa MH? Galuyo azigona m'nyumba momwe mulinso ana.

Bambo, tiyambe ndi zilembozo, zomwe ndi maudindo amene galu amapatsidwa akachita bwino pa mpikisano kapena mayeso, chifukwa n'zimene zimasocheretsa ogula ambiri.

FC (Field Champion) ndi AFC (Amateur Field Champion) zimachokera ku mpikisano umene kumeneko amati field trial. Agalu amalimbana okhaokha ndipo wopambana ndi mmodzi. Bungwe la American Kennel Club limapereka mapointi 5 kwa woyamba, 3 kwa wachiwiri, 1 kwa wachitatu ndi theka kwa wachinayi. Kuti galu atchedwe FC ayenera kusonkhanitsa mapointi 10 m'gawo la Open, lomwe ngakhale akatswiri olipidwa pophunzitsa agalu amalowa, ndipo akhale atapambanapo kamodzi. AFC imafuna mapointi 15 galuyo akutsogoleredwa ndi munthu amene salipidwa pophunzitsa agalu. Popeza agalu olowa kumeneko onse ndi akatswiri, oweruza amakhwimitsa zinthu kuti awasiyanitse. Mbalame zitatu kapena zinayi zimagwa pa mtunda wa mamita 300 kapena kuposa, ena mwa anthu oponya mbalamezo amabisala akangoponya, ndipo galu ayenera kukumbukira pamene iliyonse yagwera n'kupitako mowongoka, kudutsa m'madzi ndi m'thengo osakhota. N'chifukwa chake otsogolera agalu amavala majekete oyera, kuti galu awaone ali kutali. Kusaka kwenikweni sikufuna zonsezi. Bakha woomberedwa amagwa pafupi, mwina mamita 30 kapena 40.

MH (Master Hunter) imachokera ku mayeso otchedwa hunt test, amene bungwe lomweli linayambitsa mu 1985 poganizira alenje wamba. Kuno galu sapikisana ndi mnzake. Zili ngati mayeso a fomu 4: onse akhoza kukhoza tsiku limodzi, onse akhozanso kulephera. Oweruza awiri amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 10 pa zinthu zinayi, zomwe ndi kuona ndi kukumbukira pamene mbalame yagwera, changu chake, khama lake ndi kumvera kwake. Galu ayenera kupeza 7 kapena kuposa mukaphatikiza zonse n'kugawa, osatsika pa 5 pa chilichonse mwa zinayizo.

Gawo loyamba ndi Junior: mbalame imodziimodzi, ziwiri pamtunda ndi ziwiri m'madzi, osapitirira mamita pafupifupi 90, ndipo mwini amaloledwa kumugwira galu pakhosi podikira. Akakhoza maulendo 4 amalandira JH (Junior Hunter). Pa Senior mbalame zimagwa ziwiriziwiri, galu sagwiridwanso, ayenera kukhala phee mnzake akutola, ndipo pamabwera chimene amati blind. Iyi ndi mbalame imene galu sanaione ikugwa, ndiye mwini amamulozera njira, kumuimitsa ndi wezulo n'kumuwongolera ndi manja mpaka aipeze. Pa Master mbalame zimafika zitatu nthawi imodzi, ndipo MH imafuna kukhoza maulendo 6, kapena 5 ngati galu ali kale ndi SH (Senior Hunter), ya gawo la Senior. Mukaona HRCH, imeneyo ndi ya bungwe lina, la Hunting Retriever Club, komwe mwini galu amanyamula yekha mfuti n'kuombera zipolopolo zopanda kanthu. Mwa mayeso onse, amenewa ndiwo amafanana kwambiri ndi tsiku la kudambo.

Zikalata zina zimakhala ndi FTCh, ya ku Britain. Kumeneko mpikisano umachitika pa tsiku lenileni losaka, ndipo galu wolira, wothamanga asanatumidwe kapena wophwanya mbalame m'kamwa amachotsedwa pomwepo. Agalu a mzere umenewo amatchuka ndi kudekha.

Ndiye malangizo anga ndi awa: tengani kagalu ka ku MH. Mwana wa FC AFC si woipa ayi, ndipotu agalu ambiri a MH ali ndi agogo a FC. Koma oweta a mpikisano amasankha agalu amoto kwambiri, otha kupirira maphunziro a tsiku ndi tsiku m'manja mwa katswiri. Galu wotere akakhala ndi munthu amene amaweruka madzulo atatopa, mphamvu ija imathera pa kutafuna mipando ndi kulira m'bwato abakha akuyandikira. Komanso musakopeke ndi tate yekha. Theka la kagaluko lachokera kwa make, ndipo oweta ena amalipira tate wotchuka kuti abise make amene sanatolepo ngakhale nthenga. Pemphani kuti muone makewo akutola, kenako muwaone ali m'nyumba. Galu wabwino amadziwa kugona pansi ntchito ikatha.

Za mtundu, Labrador ndiye wosavuta kwa munthu woyamba kumene. Makolo ake anali agalu a asodzi a ku Newfoundland, koma anakonzedwa ku Britain, komwe Kennel Club inamuvomereza mu 1903. Ubweya wake ndi waufupi, suchedwa kuuma, amakhululuka mphunzitsi akalakwitsa, ndipo poti ndi ochuluka m'mayeso onsewa, simuvutika kupeza woweta wodalirika. Wamphongo amalemera makilogalamu 29 mpaka 36. Chenjerani ndi a mzere wa mipikisano ya kaonekedwe ka agalu, ojintcha ndi afupi miyendo, chifukwa ambiri amatopa msanga.

Golden anachokera ku Guisachan, ku Scotland, komwe Lord Tweedmouth anakweretsa galu wachikasu Nous ndi Belle mu 1868. Ali ndi mphuno yakuthwa ndi mtima wofewa, moti mukamukalipira kwambiri amafooka. Vuto lake ndi lakuti ambiri ogulitsidwa ndi a ubweya wautali, owetedwa kuti azikongola. Wosakira amakhala wochepa thupi, wofiirira, wa ubweya wochepa, ndipo ngakhale iyeyo mudzakhala mukumuchotsa zisoso madzulo aliwonse.

Chesapeake, wa ku Maryland, ndi galu wa madzi oundana. Ubweya wake uli ndi mafuta moti akadzikutumula kamodzi amakhala ngati wauma. Koma ndi wamakani, amakonda munthu mmodzi, amalondera katundu wake, ndipo satopa kutsutsana nanu. Kwa mlenje wozolowera amene amasaka atsekwe mu Januwale ndi chuma. Kwa inu amene nyumba yanu imalowa alendo ndi anzawo a ana, ndingati dikirani kaye.

Musanapereke ndalama, funsani zikalata za umoyo wa makolo onse awiri. Mafupa a m'chiuno ndi zigongono akhale ojambulidwa ndi kuvomerezedwa ndi OFA, bungwe la ku America lounika mafupa a ziweto, zimene zimachitika galu akakwanitsa miyezi 24. Maso akhale opimidwa. Kwa Labrador onaninso zotsatira za DNA pa matenda otengera kwa makolo a EIC (kulefuka pothamanga), CNM (a minofu) ndi PRA (a maso). EIC imapezeka kwambiri m'mizere yosakira: galu amathamanga bwinobwino kwa mphindi 5 mpaka 20, kenako miyendo yakumbuyo imalefuka n'kugwa, ndipo zikamuchitikira ali m'madzi akuya akhoza kumira. Matendawa amafuna kuti makolo onse awiri apatsire mwana, choncho ngati kholo limodzi lilibiretu, anawo sadwala. Kwa Golden wonjezerani chikalata cha mtima.

Zotsalazo zili kwa inu, ndipo agalu ambiri amawonongeka m'chaka choyamba. Kagalu ka masabata 8 kaponyereni chotola kawiri kapena katatu basi, m'kanjira kopapatiza kuti kasathawe nacho, n'kusiya kakadafunabe. Musakokerane nako chinthu chili m'kamwa, chifukwa ndi mmene kamaphunzirira kuluma mbalame mwamphamvu. Mfuti musaiombere pafupi tsiku loyamba. Mnzanu aime mamita 100 ndi kamfuti ka phokoso lochepa, aombere pamene kagalu kakuthamangira chotola, ndipo aziyandikira pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Galu amene waopa mfuti amavuta kwambiri kumukonza. M'madzi kalowe kokha, tsiku lofunda, pamalo osaya. Kakamakula, musamakatume nthawi zonse: zina mwa zimene mwaponya muzikatola nokha iko kakuonerera, kuti kadziwe kuti si chilichonse chogwa ndi chake. Ndipo mukayamba ntchito ya m'madzi, sankhani dziwe limene galu sangalizungulire pamtunda, poti akazindikira kuti kuthamanga m'mphepete n'kwachangu kuposa kusambira, chizolowezicho chidzakugwetsani pa Senior.

Makalabu ambiri a agalu otola amakhala ndi masiku ophunzitsira limodzi, komwe aliyense amaponyera galu wa mnzake. Pitani mukaonere mayeso a Junior ndi Master musanagule, muime kumbuyo kwa oweruza, ndipo galu amene wakusangalatsani mufunse kuti make ndani.