Mafunso ndi mayankho: Ku labu andisandutsa mlembi

Funso: Ndili chaka chachiwiri cha uinjiniya wa zomangamanga, ndipo pagulu lathu la ku labu mtsikana ndine ndekha. Anzanga amangondipatsa pepala kuti ndizilemba manambala, iwo n'kumagwira zipangizo, ati konkire ndi yolemera. Mamakisi ndikupeza abwino, koma ndikuopa tsiku lomwe ndidzapite kukaphunzira ntchito. Nditani? Wophunzira, Blantyre.

Yankho: Achemwali, mwachita bwino kuda nkhawa kudakali m'mawa. Pa saiti kapitawo sadzafunsa za mamakisi. Adzakupatsani kone (chikombole chachitsulo chotseguka mbali zonse ziwiri, chachikulu pansi, chaching'ono pamwamba) ndi kachitsulo kotsindirira, iye n'kuima pambali kuona ngati mungayeze kufewa kwa konkire.

Ntchitoyi silira mphamvu ayi. Kone ija ndi yotalika mamilimita 300. Inyowetseni mkati, muiike pamalo osalala ndi kuponda timakutu take ndi mapazi onse awiri. Thirani konkire katatu, ndipo ulendo uliwonse tsindirani ka 25. Salazani pamwamba, kenako kwezani kone molunjika, osapotokola, n'kuyeza mmene mulu watsikira. Mukamasula phazi msanga konkire imatulukira pansi, ndipo mukakweza mopendeka mulu umagumukira mbali imodzi; apo muyambirenso ndi konkire ina. Makyubu a mamilimita 150, timabuloko ta konkire toyesera kulimba kwake, nawonso ali ndi msampha wake. Pakani mafuta m'zikombole, tsindirani bwino, muwatulutse pakapita maola 24 ndi kuwaviika m'madzi mpaka tsiku lowaphwanya, la 7 ndi la 28. Kyubu yosatsindirika imatsala ndi timabowo ta mpweya, choncho imasweka msanga, anthu n'kumanena simenti pomwe cholakwika chinali m'manja. Zimenezi munthu samazidziwa ali ndi cholembera.

Musadikire mkangano wa mu labu. Sabata isanayambe, lembani mayina a gulu lonse papepala ndi ntchito zosinthana: wosakaniza, wotsindira, woyendetsa makina, wolemba. Pepalalo muonetse tekinishani wa labu, chifukwa ndiye amakhala nanu nthawi yaitali kuposa aphunzitsi. Mumupemphenso kuti muzibwera nthawi yomwe labu ilibe kalasi, mubwereze nokha kawiri katatu.

Za chovala musazipeputse. Gulani nsapato zachitsulo kutsogolo zokukwanani, osabwereka zazikulu zomwe zimavuka pokwera makwerero. Tsitsi kapena mesh mumange n'kubisa, mphete ndi zibangili muvule, ndipo pafupi ndi makina ozungulira musavale chitenje kapena mpango wolendewera. Makina akakoka nsalu sapereka mpata.

Funso: Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 ndipo akufuna uinjiniya. Timuthandize bwanji? Kholo, Kasungu.

Yankho: Akulu, choyamba asasiye Physics ndi Chemistry, ndipo masamu awagwiritsitse, ngati pasukulu pake pali Additional Mathematics atenge, imamufewetsera calculus ya chaka choyamba. Chingerezinso chifunika credit pa MSCE. Mafomu a mayunivesite a boma amadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo maphunziro a uinjiniya amatenga zaka 5, ndipo ku Bunda, pansi pa LUANAR, kuli uinjiniya wa zaulimi ndi wa ulimi wothirira. Kunyumbako, njinga ikaonongeka kapena akabwera mmisiri womanga, muitaneni agwire nawo sipanala ndi levulo, osati kungomutuma madzi.