Kodi "brains over brawn" n'chiyani m'Chichewa?

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Aphunzitsi, mawu a Chingerezi akuti 'brains over brawn' amatanthauza chiyani? Mnzanga akuti ndi 'ubongo pamwamba pa minofu'."

Mnzanuyo watanthauzira liwu lililonse molondola, koma chomwe watulutsa si Chichewa. Angerezi amanena mawuwa pamene munthu wapambana chifukwa choganiza bwino, pomwe mnzake amadalira nyonga. Ife timangoti nzeru zimaposa mphamvu. Ndi mfundo yakalekale, ili ngakhale pa Mlaliki 9:16.

Liwu lomwe limandisangalatsa ndi "brawn". Lidalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa chakale, "braon", kutanthauza mnofu wa nyama. Mpaka pano ku Britain "brawn" ndi dzinanso la chakudya: amaphika mutu wa nkhumba mpaka nyama itafewa, n'kuisiya izizire kuti igwirane ndi msuzi wake. Inde, mutu womwewo! M'Chichewa liwu loyandikira kwambiri ndi dzitho. Munthu wadzitho ndi uja amasenza thumba la chimanga la makilogalamu 50 osapempha womutwika.

Zolakwika pa kumasulira kwa mnzanuyo zilipo ziwiri. Ubongo kwa ife ndi chiwalo basi, ndipo mbuzi nayonso ili nawo. Tikafuna kuyamikira munthu timati ali ndi nzeru, kapena mutu wake umagwira. Chachiwiri ndi "pamwamba pa", amene amanena za malo, monga mphaka ali pamwamba pa denga. Poyerekeza zinthu ziwiri timagwiritsa ntchito kuposa kapena kupambana. Owulutsa mawu ena pa wailesi masiku ano amangotola chiganizo cha Chingerezi n'kuchiveka zovala za Chichewa, kenako ana n'kumatengera. Zimandiwawa m'makutu.

Palinso m'bale wake wa mawuwa, "all brawn and no brains", amene ndi onyoza. Apa nenani kuti "thupi lokha, m'mutu mulibe kanthu", koma osati pamaso pa mwini thupilo.

Ena amafuna kumasulira ndi nthano ya Kalulu amene adakokanitsa chingwe Njovu ndi Mvuu, aliyense akuganiza kuti akulimbana ndi Kaluluyo. Ndikuvomera, bola musamale posankha liwu. Kalulu timamutcha wochenjera, ndipo kuchenjera kumanunkhako kachinyengo. Mukauza apongozi anu kuti ndi ochenjera, sadziwa ngati mukuwatama kapena mukuwatcha tambwali. Auzeni kuti ndi anzeru.