Pirates atenge Skenes, ngakhale mkono wa woponya sudalirika

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku ndili kuntchito, ndiye ndati ndiyankhe tsopano mutu uli m'malo. Mwafunsa ziwiri: kuti timu ya baseball ya Pittsburgh Pirates itenga ndani Lamulungu likubwerali pa 9 July, popeza ndiyo yoyamba kusankha pa draft ya 2023 (mwambo umene matimu amasankhirapo osewera atsopano), komanso kuti bwanji osangonyamula ndalama kukagula mnyamata amene akumufuna monga zimakhalira kumpira wamiyendo. Ndiyamba ndi lachiwirilo, chifukwa likamveka loyamba silivuta.

Ku baseball ya ku America, mnyamata amene sanayambe kusewera molandira malipiro sapita kwa amene ali ndi thumba lalikulu. Kuyambira 1965 matimu amasankha mopatsana mpata. Masiku ano matimu alipo 30 ndipo amazungulira maulendo 20. Osankhidwawo ndi anyamata a ku United States, Canada ndi Puerto Rico, ena ongomaliza sekondale, ena amene atha zaka zitatu ku koleji. Timu ikakutchula dzina, ndi yokhayo imene ungakambirane nayo, ndipo mukalephera kugwirizana umabwerera kukadikira chaka china. Kale timu yothera kumchira ndiyo inkayamba kusankha, koma anthu anadandaula kuti matimu ena akugonja mwadala, ndiye anabweretsa maere. Maere oyamba anachitika mu December 2022. Chaka chimenecho Washington inagonja masewera 107, Oakland 102, Pirates 100 mwa masewera 162, ndipo atatuwa anali ndi mwayi wofanana. Mwayi unagwera Pirates, Washington n'kukhala yachiwiri, Oakland n'kugwera pa nambala 6. Anzathu a Oakland amenewo mpaka lero kukamwa kukuwawa.

Tsono pali nkhani ya ndalama, ndipo apa ndi pamene ambiri olosera amaphonyera. Malo alionse m'maulendo 10 oyamba ali ndi mtengo wake umene ligi inaika. Malo oyamba mu 2023 ndi madola 9,721,000, ndipo mitengo yonse ya Pirates ikaphatikizidwa thumba lawo likupitirira pang'ono madola 16 miliyoni. Thumbalo agawe mmene akufunira. Akapyola pang'ono amalipira chindapusa, akapyola ndi gawo loposa 5 pa 100 alionse amalandidwa malo oyamba a chaka chamawa, ndiye palibe amene amayerekeza. Izi zikutanthauza kuti woyamba akavomera ndalama zochepa, zotsalazo zimakanyengerera mwana wa sekondale amene anali atapatsidwa kale malo ku koleji.

Ben Cherington, amene akuyendetsa timuyi kuyambira November 2019, anachitapo kale zimenezi. Mu 2021 analinso woyamba kusankha, ndipo anatenga Henry Davis, wowakha mpira wa ku Louisville, pa madola 6.5 miliyoni, mtengo wa malowo uli woposa 8 miliyoni. Zotsalazo anakatengera ana a sekondale monga Anthony Solometo, Lonnie White Jr. ndi Bubba Chandler, amene anapatsidwa 3 miliyoni mu ulendo wachitatu kuti asiye zopita ku koleji ya Clemson. N'chifukwa chake mukumva ena akunena kuti atenga Max Clark wa ku Franklin, Indiana, kapena Walker Jenkins wa ku North Carolina, onse a sekondale. Sizopanda mutu ayi, anyamatawo ndi aluso. Koma 2021 panalibe mmodzi amene anaposa anzake moonekeratu. Chaka chino alipo atatu, ndipo kuwasiya n'kumakapulumutsa ndalama ine ndingakutche kuumira.

Atatuwo ndi Dylan Crews ndi Paul Skenes, onse a koleji ya LSU ku Louisiana, komanso Wyatt Langford wa Florida. Tangowaonera kumene mwezi wathawu ku Omaha, kumene LSU inatenga chikho cha makoleji pa 26 June itakwapula Florida 18 kwa 4 pamasewera omaliza.

Crews ndiye amene anthu ambiri akhala akumuika pamwamba chaka chonse. Amasewera pakati kumtunda kwa bwalo, ndipo nyengo ino anamaliza ndi .426, kutanthauza kuti pamaulendo khumi alionse owerengedwa, oposa anayi anaumenya n'kufika bwino. Home run, kutanthauza kuumenya mpira n'kuutaya kunja kwa bwalo, zinali 18. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti panalibe masewera ngakhale amodzi chaka chonse amene sanafike pa base, malo amene womenya amathamangirako. Anamupatsanso Golden Spikes, mphotho ya katswiri woposa onse mwa osalandira malipiro. Ali ndi diso, mpira wakunja saufuna, ndipo wakhala akuchita zomwezi zaka zitatu. Ngati mukufuna fodya amene ali kale pamphuno, ndi ameneyu. Langford mbiri yake ndi yokoma. Ndi mwana wa tauni yaing'ono ya Trenton, chaka chake choyamba ku Florida anangokhalira pabenchi, chachiwiri n'kumenya home run 26, chino 21. Pamasewera achiwiri a ndime yomaliza, amene Florida inapambana 24 kwa 4, anapita kasanu ndipo kasanu konseko anaumenya. Mphamvu ali nazo kuposa Crews, koma mwina adzakhala wa m'mbali osati wapakati.

Skenes ndiye amene ndikufuna ndichedwepo. Mnyamatayu ndi chiphona, wamtali pafupifupi mamita awiri, wa ku California. Zaka ziwiri zoyamba anali ku koleji ya asilikali a ndege, Air Force, kumene ankaponya, kuwakha ndi kumenya, zonse yekha. Kenako anasamukira ku LSU, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, n'kusiya zina zonse kuti angoponya pansi pa mphunzitsi Wes Johnson, amene anali atachokera ku Minnesota Twins. Mpira wake wothamanga umafika mailosi 100 pa ola, omwe ndi makilomita 160, ndipo sikuti kamodzikamodzi. Ali ndi wina wokhotera kumbali umene womenya amautsata mpaka kudzandira. Anatulutsa anthu 209 ndi strikeout (womenya kulephera katatu kuumenya bwino) m'ma inning (zigawo za masewera) osakwana 123, n'kuphwanya mbiri ya 202 imene Ben McDonald anaika mu ligi ya makoleji ya SEC mu 1989.

Masewera amene ananditembenuza mtima ndi a pa 22 June, LSU ndi Wake Forest, wogonja apakire. Ndinkaonera pafoni m'kachipinda kodyera kuntchito, foni nditaiyedzamiritsa ku botolo la madzi, mpunga ukuzizira m'kontena. Wake Forest inali ndi Rhett Lowder, nayenso adzatchulidwa msanga Lamulungu. Inning ndi inning, zero kuno zero uko. Skenes anaponya ma inning 8 osalola ngakhale mmodzi kubwerera kunyumba, komwe ndiko kugoletsa kwa baseball, anangomumenya kawiri kokha. Chinandigwira si liwiro ayi. Ndinkamuyang'ana nkhope mu inning ya nambala 8, ataponya kale mipira yoposa 100, munthu ali phee ngati akudikira basi, mpira n'kumatulukabe ndi moto womwe uja. Nthawi yopuma inandithera zinthu zikadali 0 kwa 0, ndiye mapeto ake ndinaonera mobisa. Mu inning ya 11 Crews anaumenya n'kufika pa base, Tommy White n'kuutaya kunja kwa bwalo, 2 kwa 0. Onani, ngakhale m'nkhani yotamanda Skenes, Crews walowamo ndithu.

Ndikudziwa zimene akuluakulu a m'gulu muno anene, ndipo sindikutsutsa: mkono wa woponya ndi dzira. Kuponya motere kumakoka mtsempha wa m'chigongono mpaka tsiku lina umaduka, ndiye pamafunika opareshoni ija ya Tommy John, munthu n'kukhala kunja chaka chathunthu kapena kuposa. Stephen Strasburg, amene aliyense akumuyerekeza ndi Skenes, anatengedwa koyamba ndi Washington mu 2009, ndipo 2010 isanathe anali atagona kale patebulo la dokotala. McDonald mwini wake anatengedwa koyamba ndi Baltimore mu 1989, koma phewa linamuvutitsa mpaka anasiya akadali ndi zaka zoti akanasewerabe. Houston inatenga Mark Appel mu 2013 n'kusiya Kris Bryant, amene patangopita zaka zitatu anathandiza Cubs kutenga chikho. Ndipo mipira pafupifupi 120 imene Skenes ankaponya pamasewera amodzi ku Omaha siinandisangalatse.

Ife a Pirates zipsera tili nazo zathuzathu. Mu 2002 tinayamba kusankha n'kutenga Bryan Bullington, Zack Greinke ndi Prince Fielder ali pompo. Mu 2007 tinatenga Daniel Moskos pa nambala 4, Matt Wieters n'kupita ku Baltimore pa nambala 5, ndipo anthu ku Pittsburgh sanaiwale. Mu 2010 tinatenga Jameson Taillon pa nambala 2, wotsatira anali Manny Machado. Taillon ndi woponya wabwino, koma chigongono anachikonza kawiri. Timu imeneyi inatha zaka 20 zotsatizana, 1993 mpaka 2012, ikugonja kuposa kupambana, ndipo chikho inachigwira komaliza mu 1979. Munthu amene anaona zonsezi akanena kuti titenge womenya, ndimamumvetsa.

Komabe ine ndikuti Skenes, ndipo chifukwa changa chili pa Gerrit Cole. Tinamutenga koyamba mu 2011 kuchokera ku UCLA, n'kumupatsa madola 8 miliyoni. Anafika mu ligi yaikulu mu 2013, chaka chomwecho timu inabwerera ku ma playoff, masewera olimbirana chikho, ndipo inapitako zaka zitatu zotsatizana. Mu January 2018 tinamusinthanitsa ku Houston, ndipo mu December 2019 New York Yankees inamupatsa madola 324 miliyoni kwa zaka 9. Tsono yerekezani: pofika 2023, kontrakiti yaikulu kuposa zonse m'mbiri ya Pirates inali imene Bryan Reynolds anasaina mu April chaka chimenecho, madola pafupifupi 107 miliyoni kwa zaka 8. Mtengo wa woponya wa mtundu wa Cole ndi katatu kuposa apo. Timu yathu sidzapita pamsika kukagula munthu wotero, kaya chaka chino kaya zaka khumi zikubwerazi. Womenya wabwino tingamupeze m'njira zina. Reynolds yemweyo tinamupeza posinthanitsa Andrew McCutchen ku San Francisco, ndipo McCutchen mwini tinamutenga pa nambala 11 mu 2005. Koma woponya amene timu yotsutsana nayo imagona ikumuganizira, khomo lake ndi limodzi, ndilo limene latseguka Lamulunguli. Malamulo amati mnyamata akhale zaka 6 mu ligi yaikulu asanakhale ndi ufulu wosankha kopita. Zaka 6 zimenezo ndizo tikugula.

Ndipo Strasburg uja amene anthu akutiopseza naye, tisaiwale kuti mu 2019 ndiye anali katswiri wa World Series, ndime yomaliza ya ligi yaikulu, pamene Washington inatenga chikho chake choyamba. Kafunseni wokonda Washington aliyense ngati akudandaula kuti anamutenga.

China n'chakuti Skenes sachedwa m'njira. Mwana wa sekondale amayamba m'matimu ang'onoang'ono a Pirates, ku Bradenton, kenako Greensboro, Altoona, Indianapolis, zaka zinayi kapena zisanu asanaponde PNC Park, bwalo la Pirates. Termarr Johnson, amene tinamutenga pa nambala 4 chaka chatha, akadali m'munsi momwemo. Davis, wa koleji, wangokwera pa 19 June pano, zaka ziwiri chitengedwereni, ndipo ngakhale anamutenga ngati wowakha akumuimika kumtunda kumanja. Skenes ndikuona ngati chaka chamawa chisanafike pakati adzakhala ali ku Pittsburgh. Timu imene inayamba chaka chino ndi kupambana 20 mu April usanathe kenako n'kuzilala ngati moto wa mapesi ikufunika thandizo la msanga.

Mwandifunsa amene atengedwe, osati amene ine ndikufuna, ndiye ndilosere poyera. Ndikuti Skenes ku Pittsburgh, pamtengo wotsikirako pang'ono pa 9.7 miliyoni ija kuti patsale kanganyase ka ulendo wachiwiri, Crews ku Washington. Cherington akazengereza ndi mkono, ndikuganiza kuti atembenukira kwa Langford osati Crews, chifukwa Crews ndi munthu woti sangavomere kuchotseredwa, pamene Langford angamvane naye. Detroit pa nambala 3, Texas pa 4 ndi Minnesota pa 5 adzagawana otsalawo. Ndikalakwa mudzandiseke. Kulakwa pa draft si zachilendo: Mike Trout anadutsidwa mpaka nambala 25 mu 2009, chaka chimene ife tinatenga Tony Sanchez pa 4, ndipo Mike Piazza, amene ali mu Hall of Fame, kaundula wa akatswiri a baseball, anatengedwa mu ulendo wa 62 mu 1988.

Kwa mlongo wathu wa ku Joni amene anafunsa pansi pa funso lanu ngati mwana wa ku Africa angalowe nawo: pa draft ayi, pokhapokha ngati akuphunzira sukulu ya kuno. Ena onse amasainidwa paokha ngati ochokera kunja. Ndi mmene Gift Ngoepe wa ku South Africa analowera ku Pirates mu 2008. Anakhala zaka zambiri m'matimu ang'onoang'ono aja mpaka pa 26 April 2017, pamene anakhala munthu woyamba wobadwira ku Africa kusewera mu ligi yaikulu, ndipo ulendo wake woyamba womwe anaumenya mpira wa Jon Lester wa Cubs. Enafe timuyi tinayamba kuikonda tsiku limenelo.

Zikuchitikira ku Seattle, kuyamba 7 koloko madzulo nthawi ya kuno ku Pittsburgh, yomwe ndi 1 koloko usiku wolowera Lolemba kwa inu muli ku Lilongwe, Lusaka ndi Joni. Dzina loyamba limatchulidwa mphindi zochepa chiyambireni, ndiye mukhoza kutchera alamu, kumva dzinalo n'kubwereranso m'bulangete. Ine ndidzakhala ndili pantchito, foni ili m'thumba.