Ma furry atchuka, ndithire mpamba wonse pa zovala zawo?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina wakwathu amene ali ku Joni, telala, amasokera ku Johannesburg. Akuti kupatula madiresi ndi mayunifolomu amasokanso zidole zija zolowamo munthu, za pa maphwando a ana ndi m'masukulu. Ndiye mwana wawo wawaonetsa mavidiyo a ma furry pa TikTok nkuwauza kuti chovala chimodzi chimagulidwa madola masauzande, komanso akuti anthu otchuka ayamba kulowamo. Ali ndi R30,000 ya chipeleganyu, akufunsa ngati angagule ubweya ndi siponji za ndalama yonseyo nkusiya kaye mayunifolomu poti zinthuzi zili m'fasho.

Mayi, yonse ayi. Mayunifolomu musawasiyenso. Koma geni yake ilipo ndithu, mwana wanu sananame.

Kwa ena amene simukudziwa, ma furry ndi anthu okonda nyama zochita ngati anthu, ngati kalulu ndi fisi wa m'nthano zathu zija, kungoti iwowa aliyense amapanga nyama yakeyake, amaipatsa dzina ndi mitundu, amaitcha fursona, ena nkusoketsa chovala chake chomwe amati fursuit. Ndikudziwa wina waganiza kale za gule, ayi, izi si mwambo, ndi zosangalatsa basi ngati kusapota timu. Zinayambira ku America cha m'ma 1980, msonkhano wawo woyamba unachitika 1989 ku California ndi anthu osakwana 100. Msonkhano wina wa Anthrocon, womwe umachitikira ku Pittsburgh ku America komweko kuyambira 2006, unali ndi anthu opitirira 9,000 mu 2019, pofika 2024 anapitirira 17,000. Misonkhano ina, ku Germany kuli Eurofurence, ku Birmingham ku England kuli ConFuzzled. Ndiye kukula kukukuladi. Za otchuka nzoonanso, SonicFox, katswiri wa magemu omenyana a pa kompyuta, analandira mphoto ku The Game Awards mu 2018 atavala fursuit yake anthu onse akuona.

Koma funso limene ndimafunsa aliyense wobwera ndi mawu oti "zatchuka" ndi ili, kutchukako kwabweretsa ndani? Oonera kapena ogula? Chifukwa anthu 2 miliyoni oonera vidiyo salipira lendi yanu. Ndipo mwa ma furry enieniwo ambiri alibe fursuit, amangogula zojambula, mabaji, michira, timakutu, chifukwa chovala chathunthu ndi chodula kwa iwonso, ena amasunga zaka kuti achipeze. Amene abwera ndi TikTok ambiri ndi ana a sukulu, chidwi chambiri mthumba mulibe kanthu, amafunsa mtengo, mukawauza amati "zikomo ndibweranso" ndiye kwatha.

Inu mukukumbuka 2020 eti? Telala aliyense anasoka mamasiki, masabata oyamba ndalama inalipo yabwino, kenako mafakitale analowa, mtengo unagwa mpaka amene anagula nsalu zambiri anatsala nazo mnyumba. Chinthu chikatchuka oyamba kufika ndi amakina akuluakulu. Pa misika ya pa intaneti yotchipa ija mwadzaza kale mitu ya nyama yosokedwa chisawawa, ena amachita kuba zithunzi za amisiri enieni nkuika pa malonda awo, wogula nkulandira chinthu china chosiyana. Zinamuchitikira ngakhale Violent J, woimba wa gulu la Insane Clown Posse, anagulira mwana wake chovala pa intaneti, chitafika chinali chosalongosoka mpaka anajambula vidiyo yodandaula mu 2018. Walira mvula walira matope. Ndiye mukalowa ngati munthu watsopano wogulitsa zotchipa mukupikisana ndi fakitale, simungaithe, komanso ogula akukuonani ndi diso lokayikira lomwelo limene amaonera akubawo.

Madola masauzande aja amapita kwa ndani nanga? Kwa amisiri amene ali ndi dzina, oti anthu amadikira pamzere miyezi ingapo mwina chaka. Amagulitsa kukhulupirika. Kasitomala amatumiza chojambula cha nyama yake, kutsogolo kumbuyo ndi m'mbali, mzere uliwonse pamalo pake, mukasuntha kadontho ka pa tsaya mwalakwitsa munthu, chifukwa kwa iye imeneyo ndi nkhope yake. Pa chovala chathunthu amadzikulunga thupi lonse ndi tepi yolimba atavala zakutha, mnzake nkumudula nayo, chigobacho nkukutumizirani pa positi kuti muyezerepo. Mutu mumausema pa siponji ngati ya mipando kapena mumagula chigoba chopangidwa kale, ubweya mumaumeta ndi makina ometera agalu kuti nkhope ioneke, m'maso mumaika kansalu ka timabowo kuti wovalayo aziona koma iye asaoneke, ena mpaka kafani kakang'ono mkati poti mumatentha koopsa. Sindikukuopsezani, dzanja muli nalo, koma chidole cha pa phwando la ana amachionera patali pomwe ichi mwiniwake amachitembenuza kuona msoko uliwonse nkujambula nkuika pa intaneti, ndipo anthuwa amauzana, ali ndi malo awo olemba za amisiri amene anawakhumudwitsa. Mutu woyamba ndi wachiwiri umatuluka wopindika kwa aliyense, imeneyo muiwerengere ngati fizi.

Palinso ichi. Anthuwa anapsapo ndi kutchuka. Magazini ya Vanity Fair mu 2001 ndi sewero la apolisi la CSI mu 2003 zinawaonetsa ngati anthu a zadama basi, ndipo cha m'ma 2022 ku America kunafala bodza loti masukulu akuikira ana odzitcha nyama mabokosi a mchenga odzithandiziramo ngati amphaka, andale ena nkumalibwereza. Ndiye kamera ikabwera ena amasangalala ena amabwerera m'kona, ndipo munthu wongotulukira ndi "ndamva kuno kuli ndalama" amamununkhiza msanga. Ambiri mwa iwo ndi a LGBT, amuna kapena akazi okondana okhaokha ndi ena otero, ndikunena poyera kuti mudziwiretu makasitomala anu, ngati mukuona kuti simungathe kuwalemekeza bola osayamba, chifukwa skrinishoti imodzi ya mawu achipongwe ithetsa geni yonse tsiku limodzi. Komanso kutchuka kumatha kutembenuka, lero akuwaombera m'manja mawa akuwanyoza, makolo nkuletsa ana, maoda a ongotengeka aja nkuzima, otsala ndi eni ake amene analipo kale.

Ine ndikanakhala inu ndikanatenga R5,000 kapena R6,000 basi. Gulani ubweya wabwino pang'ono, mitundu iwiri itatu, osati wa zidole uja wothothoka. Dziwani kuti wabwinowo nthawi zambiri umachokera kunja, ndiye pa mtengo wake muonjezepo shipingi ndi msonkho wa pa kasitomu, ambiri amaiwala zimenezi nkudabwa phindu lapita kuti. Yambani ndi michira, magolovesi a zikhadabo, makutu, zinthu zoti zikalakwika simulira, komanso zosavuta kutumiza. Kukonza zong'ambika nako ndi ntchito, zipi yaduka, msoko wamasuka, ndipo apa kutchuka kuja kukuthandizani, onse ogula zotchipa pa intaneti adzafuna wowakonzera pafupi. Ku South Africa ma furry alipo ngakhale ndi ochepa, ndipo wogula wa konko akaitanitsa ku America amalipira madola, inu mukumutchaja marandi, mpata wanu weniweni uli pamenepo osati kupikisana ndi amisiri a ku Pittsburgh. Mwana wanuyo akuthandizeni kuwapeza, ambiri amacheza pa Telegram ndi Discord, mulowe mumvetsere kaye musanayambe kutsatsa.

Pa mtengo lembani maola. Mukasoka mchira woyamba yang'anani wotchi, muone pa maola omwewo mukanasoka mayunifolomu angati, ngati mchirawo sukuposa pamenepo ndiye mukusewera. Dipoziti tengani yokwanira kugula zipangizo, koma chonde musaidye, ndipo musatenge maoda khumi pakamodzi poti ndalama zikulowa, amisiri ambiri a ntchito imeneyi anagwera pomwepo, ndalama anadya ntchito isanathe, mzere nkutalika, mapeto ake kuzimitsa foni. Osakwana zaka 18 muzilankhula ndi makolo awo, mwana akalipira ndi khadi la bambo ake mwakabisira banki imabweza ndalamayo inu katundu mutatumiza kale. Ndipo musasoke nyama za Disney kapena kukopera fursona ya munthu chifukwa wina wakutumizirani chithunzi, choyambacho ndi mlandu, chachiwiricho ndi manyazi oti sadzakuiwalani nawo.

Za kulandira ndalama zakunja, kumeneko muli ndi mwayi poti ndalama za pa PayPal, njira yolipirirana pa intaneti, zimatheka kutapa kudzera ku banki ya FNB ngati mapepala anu ali bwino. Amene mukuwerenga muli ku Lilongwe kapena ku Blantyre nkumati nanenso ndiyambe, inu phiri lake ndi lalitali, ubweya mugula ndi madola amene akusowawa, Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye muwerengetse kawiri.

R24,000 kapena R25,000 yotsalayo ikhale, Januwale adzafika ndipo mayunifolomu adzafuna nsalu. Mukagulitsa michira khumi kwa anthu oti si abale anu, wina nkubweranso kachiwiri, mundilembere tikambe za mutu.