Lamba wa dziko lonse wa lightweight: njira yake imadutsa pati?

Funso: Akonzi, mphwanga wamenya nkhonya zolipidwa maulendo 6 kuno ku Johannesburg, m'gulu la opepuka thupi lotchedwa lightweight, ndipo sanagonjepo. Kodi watsala pang'ono kulimbirana lamba wa dziko lonse? Ndine wowerenga wa ku Rosettenville.

Yankho: Achimwene, wayamba bwino, koma ulendo udakalipo. Panopa akumenya maraundi 4 kapena 6, pamene nkhonya ya lamba imakhala ya maraundi 12. Ayenera kudutsa kaye pa 8 ndi 10, laisensi yake ya Boxing South Africa, bungwe loyang'anira nkhonya m'dziko muno, ili yosatha ntchito.

Malamba olemekezeka amachokera ku mabungwe anayi: WBA, WBC, IBF ndi WBO. Bungwe lililonse lili ndi mndandanda wake, ndipo mwini lamba amasankha mdani pakati pa anthu 15 apamwamba. Khomo lolowera pamenepo ndi malamba a m'chigawo, monga wa WBO Africa kapena wa African Boxing Union, yomwe ili pansi pa WBC. Apa ndi pamene manejala ambiri amawonongera anyamata. Amawasankhira adani ofooka okhaokha kuti mbiri ioneke yoyera, koma kugwetsa anthu 20 osadziwika sikukweza munthu ngati kupambana mmodzi amene ali kale pamndandanda. Akafika pamwamba, bungwe limalamula nkhonya yochotsana pakati pa apamwamba awiri, ndipo mwini lamba ayenera kumenyana ndi wopambanayo, apo ayi asiye lambayo. Richard Commey wa ku Ghana adadutsa momwemo: adagonja kwa Robert Easter mu 2016, napambana yochotsana mu 2018, nkutenga lamba wa IBF mu 2019. Kugonja sikutseka njira.

Pulomota, munthu wokonza mpikisano wa nkhonya, ndi wofunikanso, chifukwa mabungwewa amalipiritsa ndalama pa nkhonya iliyonse ya lamba, ndipo mdani wakunja amafuna tikiti ya ndege ndi malo ogona. Nkhonya za pa Emperors Palace, malo a zisangalalo a kufupi ndi Johannesburg, zoonetsedwa pa TV, ndi zimene zimamveketsa dzina kunja.

Tsono muziyang'anitsitsa sikelo. Malire a lightweight ndi mapaundi 135, kapena makilogalamu 61.2. Mnyamata amene amanenepa akapuma, kenako n'kudzimana madzi sabata yomaliza, miyendo imamuthera pofika raundi 8 ndipo chibakera chimamupweteka msanga. Mu 2010, Joan Guzman adapitirira malirewo ndi mapaundi 9 asanakumane ndi Ali Funeka, ndipo ngakhale adapambana, lamba sadamupatse. Mphwanuyo aziyezedwa sabata iliyonse, ngakhale palibe nkhonya imene ikubwera.