Kwa ana akwathu ku Nkhotakota amene mwangofika ku Dar es Salaam

Ana anga, ndamva kuti ambiri a inu ochokera ku Linga, ku Dwangwa, mpaka anzathu a ku Chipoka ndi Senga Bay mwawoloka Songwe kupita ku Dar es Salaam, ena kukafuna ntchito za m'nyumba ndi za m'maluwa ku Masaki ndi Mikocheni, ena kukaoda katundu ku Kariakoo n'kungokhaliratu. Ine ndinakhalako zaka zambiri ndisanabwerere kuno kumudzi, ndipo makolo anu akandipeza pamsika salephera kundifunsa kuti mukakhala bwanji. Ndaona kuti bola ndikuuzeni eni akenu.

Chimene chimapusitsa munthu wa kunyanja n'chakuti Dar imaoneka ngati kwathu. Kukutentha, mizikiti ikuitana m'bandakucha, mpunga ndi nsomba zili paliponse. Wa ku Dedza kapena ku Mzimba amafika ali tcheru poti zonse n'zachilendo kwa iye. Ife a ku Nkhotakota timafika titatayirira, mwina tikudziwako kale timawu ta Chiswahili tomwe tinatsalira m'makomo mwathu kuchokera nthawi ya a Jumbe, n'kumayesa kuti tafika kwa amalume. Mavuto ambiri amene ndinawaona pakati pa anzathu anayambira pamenepo.

Kutentha komweko n'kwina. Kwathu dzuwa limaswa mtengo mu Okutobala ndi Novembala, mvula ikagwa thupi n'kupumako. Ku Dar nyengo yovutitsitsa ndi kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo chosautsa kwenikweni ndi chinyezi: thukuta siliuma, usiku mphasa imanyowa, ana amatuluka zidzolo m'khosi ndi kumsana. Choncho posankha chipinda musangoona mtengo. Onani ngati chili ndi mazenera olowetsa mphepo, funsani kuti magetsi a LUKU, ogula mayunitsi aja, mumasonkherana bwanji ndi alendi anzanu, chifukwa fani mudzaifuna usiku uliwonse. Yang'ananinso makoma kunja. Mukaona mzere wa dothi wofika m'mawondo kapena m'chiuno, dziwani kuti madzi amafika pamenepo. Mvula yaikulu kumeneko imabwera kuyambira Malichi mpaka Meyi, pamene kwathu ikupita kumapeto ndipo anthu akuganiza zokolola, ndipo chigwa cha mtsinje wa Msimbazi, makamaka ku Jangwani, chimasefukira kawirikawiri. Nyumba zotsika mtengo zambiri zili m'malo otere. Dziwaninso kuti eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi, ndipo dalali amene wakupezerani chipinda amafunanso yake, nthawi zambiri ya mwezi umodzi. Musapereke kalikonse musanaone mwini nyumba ndi maso anu komanso musanalemberane pepala.

Malungo tinakula nawo, sindikuphunzitsani za neti. Koma kumeneko kulinso dengue, yomwe inavuta kwambiri mu 2019, ndipo udzudzu wake umaluma masana, umaswana m'madzi a m'ndowa ndi m'matayala akale pakhomo. Thupi likatentha, mutu ndi m'mafupa zikuwawa, pitani mukayezetse, musangogula LA pagolosale ngati tili kwathu. Podikira zotsatira imwani panado ndi madzi ambiri. Aspirin ndi brufen musakhudze, chifukwa pa dengue zimatha kuyambitsa kutaya magazi.

Anyamata a m'ngalawa, apa ndimvereni bwino. Nyanja ya mchere simuidziwa, olo mukhale munabadwira m'bwato pa Chia. Madzi ake amathawa n'kubwerera kawiri pa tsiku. Pamene munayenda pouma m'mawa, masana pamakhala pozama, ndipo pali malo ena pamene madzi amakokera munthu kukati. Mukapita ku Coco Beach Lamulungu, sambani pamene akusamba eni dera.

Tsopano nkhani imene imagwetsa anthu ambiri, ya mapepala. Mmalawi safunika viza kuti alowe ku Tanzania kukacheza, ndipo angathe kupatsidwa masiku ofika 90, koma masiku anu ndi amene wofesala wa ku Kasumulu, chipata cha mbali ya Tanzania pa Songwe, walemba pachidindo. Werengani musanachoke pawindo. Chidindo chimenecho ndi cha mlendo, sichikupatsani ufulu wogwira ntchito. Ntchito imafuna chilolezo chakechake, ndipo a Uhamiaji, omwe ndi a imigireshoni akumeneko, akakupezani mulibe, nkhani yake ndi chindapusa, chitolokosi kapena kubwezedwa kumudzi opanda ngakhale chikwama chanu. Kuyambira mu 2025 boma lakonko linaletsanso anthu akunja kuchita mabizinesi ang'onoang'ono angapo, monga saluni, kukonza mafoni ndi kutumiza ndalama za pafoni. Amene munanyamuka ndi maganizo otsegula kasaluni ku Mbagala, yambani mwafunsa kaye.

Pasipoti ndi yanu, musaipereke kwa bwana kuti akusungireni, kaya alankhule mokoma chotani. Atsikana amene ndinawaona akugwira miyezi osalandira malipiro, ambiri anali oti pasipoti ili m'kabati ya abwana ndiye analibe kolowera. Ijambuleni pafoni, chithunzicho mutumize kwa m'bale kumudzi. Dziwani kumene kuli ofesi ya kazembe wa Malawi mumzindamo mavuto asanakugwereni. Nambala ya foni lembetsani m'dzina lanu ndi pasipoti yanu. Ya m'dzina la mnzanu ndi yotchipa lero, koma tsiku lomwe mudzakangane ndalama zanu za pafoni zidzakhala zake. Ndipo za madoko othawira pa Songwe, olo wina akuuzeni kuti aliyense amadutsa choncho, zisiyeni.

Chiswahili phunzirani msanga, osachita manyazi. Adzakutchulani Mnyasa, ena mwachikondi ena monyoza, zisakupwetekeni mutu. Wamkulu aliyense mupatseni "shikamoo" musanapemphe kanthu, ndipo mukalowa m'dera latsopano kadzionetseni kwa mjumbe, yemwe ndi woyang'anira nyumba za m'dera lanulo, kapena ku ofesi ya boma ya m'deralo yomwe amati serikali ya mtaa, poti ndi amene angadzakuikireni umboni zikavuta. Samalani ndi nthawi: koloko yawo ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi, komanso amawerenga maola kuyambira kutuluka kwa dzuwa. Bwana akati ufike "saa mbili asubuhi" akunena 8 koloko m'mawa.

Pa zakudya palibe chodandaula. Ufa woyera amati sembe, mgaiwa amati dona, nsima muziphika nokha poti ugali wawo ngolimba. Ndiwo zothira nazi (kokonati) mudzazolowera. Chambo chokha ndiye mudzachisowa. Madzi akumwa a m'zigubu za ogulitsa m'njira muziwiritsa.

Kumudzi kuno anthu amayesa aliyense wa ku Dar akugona pa ndalama, ndipo foni imayamba kulira musanalandire n'komwe malipiro oyamba. Auzeni makolo mosabisa kuti miyezi yoyambirira palibe chotumiza, chifukwa lendi, mphasa, mbaula ndi fani zadya zonse. Ambiri amene anasanduka matchona anayamba ndi manyazi oyankha foni ali chimanjamanja, kenako zaka n'kumapita. Imbani ngakhale mulibe kanthu. Ndipo ndalama yoyamba imene mungasunge ikhale ya basi yochokera ku Mbezi kukafika ku Kyela, kuwoloka malire mpaka Nkhotakota. Imeneyo muibise padera, osabwereketsa aliyense, ngakhale wakwanu.